Kuzizira kwa ku UK ndi bilu ya magetsi: poyambira ndi pati?

Ukafika mwezi wa November ku Britain, mdima umagwa cha m'ma 4 koloko, mawindo amachita thukuta m'mawa, ndipo mita imayamba kudya ndalama mosaona nkhope. Thandizo lilipo, koma silili pa ofesi imodzi. Lina limachokera ku boma, lina ku khonsolo, lina ku kampani yogulitsa magetsi ndi gasi. Makomo amenewa ndi olumikizana: lina likatseguka, ena amatseguka okha.

Musanalembe fomu iliyonse, onani kaye viza yanu. Ambiri mwa ife tinabwera pa viza ya Health and Care Worker, ena pa viza ya sukulu, ndipo mavizawa amakhala ndi mawu akuti No Recourse to Public Funds. Tanthauzo lake n'lakuti ndalama zina za boma simuloledwa kuzikhudza, monga Universal Credit, Pension Credit, Cold Weather Payment ndi Winter Fuel Payment. Mukalandira molakwika, nkhaniyo imatha kudzakutsatani pokonzanso viza. Mnzanu wa kutchalitchi amene akuti "ine ndinalandira" mwina ali ndi mapepala osiyana ndi anu, choncho musatengere iye.

Kwa amene muli ndi chilolezo chokhazikika kapena unzika, khomo lalikulu ndi Universal Credit, thandizo la boma kwa opeza zochepa, kapena Pension Credit kwa achikulire. Nthambi ya boma yoona za ntchito ndi penshoni, DWP, imafananiza mayina a olandira ndi mayina amene ali kumakampani a magetsi. Dzina likapezeka mbali zonse ziwiri, £150 ya Warm Home Discount imachotsedwa pa bilu nyengo yozizirayo isanathe, ndipo a mita yolipiriratu nthawi zambiri amalandira vocha. Pamene anthu athu amaluzira ndi apa: bilu ili m'dzina la mwini nyumba, kapena la mlamu amene anasamuka chaka chatha. Kompyuta ikafufuza dzina lanu kapena la amene muli naye pabanja n'kulisowa, £150 ija yapita. Tsiku limene amayang'ana dzinalo limakhala mu August, ndiye konzani zimenezi kukadali kotentha. Ku Scotland ena amafunika kulembetsa okha ku kampani yawo, ndipo ku Northern Ireland ndondomekoyi kulibe.

Cold Weather Payment ndi £25 pa masiku 7 otsatizana amene kuzizira kwafika pa 0°C kapena kutsika, kuyambira 1 November mpaka 31 March. Imalowa yokha mu akaunti kwa oyenerera. Ku Scotland anaisintha, amapereka Winter Heating Payment kamodzi pachaka. Winter Fuel Payment ndi ya a msinkhu wa penshoni, pakati pa £100 ndi £300.

Nanga ife a No Recourse tizingonjenjemera? Ayi ndithu, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Kampani yanu ya magetsi si boma. Malamulo a Ofgem, bungwe loyang'anira makampani a magetsi ndi gasi, amaikakamiza kukambirana nanu za kalipiridwe kogwirizana ndi zimene mungathe. Imbani foni ngongole isanakule, muwauze chilungamo kuti zavuta. Pemphaninso kulowa mu Priority Services Register, yomwe ndi kaundula waulere wa makasitomala ofunika chisamaliro chapadera, ngati muli ndi mwana wosakwana zaka 5, mayi woyembekezera, wodwala kapena wachikulire pakhomo. A Citizens Advice amapereka uphungu kwaulere ndipo amatha kukulozerani kumene kuli vocha yothira mu mita. Kuli mabungwe achifundo monga National Energy Action ndi British Gas Energy Trust. Ngati ana akugona m'nyumba yozizira ndipo chakudya chikusowa, pitani ku khonsolo: ku England gawo 17 la Children Act 1989 limailola kuthandiza banja lotere, ndipo thandizo limeneli siliwerengedwa ngati public funds. Thumba lina lililonse la khonsolo, funsani kaye ngati viza yanu ikulola musanasaine.

Za mita yolipiriratu. Tinazolowera mayunitsi a ESCOM, koma mita ya kuno ili ndi msampha wake wotchedwa standing charge, ndalama yowerengedwa tsiku lililonse ngakhale musayatse kanthu. Mukasiya mita ya gasi osathiramo ndalama miyezi yonse yotentha, mu October mukaika £20 mudzaona gawo lake likupita ku ngongole hita isanafunde n'komwe. Muziponyamo kangachepe chaka chonse. Ndalama zikatha usiku pali emergency credit, koma ndi ngongole, idzabwezedwa mukadzathira ina. Musanyengekenso ndi mawu akuti price cap. Ofgem imausintha miyezi 3 iliyonse, ndipo umaika malire pa mtengo wa yuniti, osati pa bilu yonse.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi mbaula. Mu June kwathu timaotha makala pakhonde kapena m'khitchini mopita mphepo. Nyumba za kuno n'zomata, mpweya sutuluka. Makala kapena chowotchera nyama m'chipinda chotseka zimatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wopanda fungo, umene umapha munthu ali m'tulo. Chonde abale anga, musayerekeze, ngakhale mita itathima. A NHS, a zaumoyo a boma, amalangiza kuti chipinda chimene mumakhalamo chizifunda kufika 18°C. Ngati mukuchita lendi, mwini nyumba ayenera kuyezetsa zipangizo za gasi chaka chilichonse n'kukupatsani chikalata chake. Mukamva fungo la gasi, tsegulani mawindo, tulukani, muimbe 0800 111 999. Magetsi akathima dera lonse, nambala ndi 105. Manambala awiriwa ndi a ku England, Scotland ndi Wales. Alembeni papepala, mumate pa firiji lero lomwe.