Musanagule kamera ina, yambani mwayesa lenzi ya 50mm

Ajambuli anzanga, ambiri mwa inu dandaulo lanu ndi limodzi: zithunzi za m'tchalitchi kapena za pachinkhoswe chamadzulo zikutuluka zakuda, zina zogwedera, ndiye mwayamba kusunga ndalama zogulira kamera ina. Kamerayo ilekeni kaye. Kawirikawiri vuto limakhala pa lenzi ija inabwera pamodzi ndi kamera, ya 18-55mm. Mukaikokera mpaka pa 55mm, bowo lake lolowetsa kuwala silitseguka kupitirira f/5.6 (nambala ya f ikamachepa, bowolo limakhala likukula). Lenzi ya 50mm f/1.8, yomwe ilibe zoom, imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi kuposa pamenepo. Pamalo pomwe shata, kachitseko kotsegulira kuwala, imakokera pa 1/15 ya sekondi manja a wansembe n'kutuluka ngati utsi, ndi lenzi iyi mufika pa 1/160, mphete n'kuoneka bwinobwino pachala, popanda kuthwanimitsa fulashi m'maso mwa anthu akupemphera.

Lenzi imeneyi amaitcha yapakatikati chifukwa siikokera zinthu pafupi komanso siizikankhira kutali. Filimu yakale ija inali ya 36mm mulitali ndi 24mm mulifupi, ndipo mukayeza mopingasa kuchokera pangodya kufika pangodya mumapeza 43mm. Lenzi yoyandikira nambala imeneyo imaonetsa zinthu mofanana ndi mmene diso linazolowera. Kamera ya Leica imene Oskar Barnack anakonza ku Germany, yomwe inayamba kugulitsidwa mu 1925, inatuluka ndi lenzi ya 50mm, ndipo Henri Cartier-Bresson, katswiri wojambula zithunzi wa ku France, anajambulira lenzi yotereyi zithunzi zake zambiri zotchuka.

Koma musathamangire kukagula musanadziwe kukula kwa sensa ya kamera yanu, kachipangizo kolandira kuwala m'malo mwa filimu, pakuti apa ndi pamene ambiri amaluzira ndalama. Makamera ambiri amene tili nawo, monga Canon 600D, 1300D ndi 2000D, kapena Nikon D3200 ndi D5100, ali ndi sensa yaing'ono, yochepa kuposa filimu ija. Kuti mudziwe mmene lenzi idzaonere pa sensa yotere, pa Canon muchulukitse nambala ya lenzi ndi 1.6, pa Nikon ndi 1.5. Ndiye kuti 50mm ija pa Canon 1300D imaona ngati 80mm. Pojambula nkhope ya munthu mmodzi panja, imeneyo ndi yabwino zedi. M'chipinda chochezera cha nyumba zathuzi, ayi. Ndinaonapo mnyamata wina pachinkhoswe atatsamiza msana kukhoma, chigongono chili pazenera, akuvutika kuti ankhoswe a mbali zonse ziwiri akwane m'chithunzi, koma m'kamera mumangolowa atatu basi. Ngati ntchito yanu yambiri ndi ya m'nyumba ndipo sensa yanu ndi yaing'ono, tengani 35mm. A Nikon pali AF-S DX 35mm f/1.8G, a Canon onaninso EF-S 24mm f/2.8 STM, ngakhale kuti imeneyo kuwala imalowetsa kochepera. Njira yosavuta yodziwira ndi iyi: ikani lenzi yanu ya 18-55mm pa 35, muimate ndi selotepi, mujambule nayo sabata yonse. Sabata inayo muiike pa 50. Mudzadziwa nokha imene ikukuyenerani.

A Nikon, tcherani khutu. Pali 50mm f/1.8D, yotchipa, ndi 50mm f/1.8G. Ya D ilibe mota m'kati mwake, choncho pa D3200, D3500, D5300 ndi anzake a m'gulu limenelo siipanga fokasi yokha, muzichita kupotokola ndi dzanja. Mkwatibwi akulowa movina, simungakwanitse. Onjezerani ndalama mugule ya G. A Canon, EF 50mm f/1.8 STM ya mu 2015 ndi imene ndimalimbikitsa: imalemera magalamu 160 okha, ndipo polumikizira pake ndi pachitsulo, pomwe inzake yakale ya f/1.8 II ndi papulasitiki.

Mukaigula, chiyeso choyamba n'chofuna kujambula chilichonse pa f/1.8 chifukwa kumbuyo kumasungunuka mokongola. Dziletseni. Pa f/1.8, munthu ali mamita awiri kuchokera pomwe mwaima, dera looneka mwakuthwa ndi pafupifupi masentimita 11 pa sensa yaing'ono, 17 pa yaikulu. Mkwati akangoima kumbuyo pang'ono kwa mkazi wake, nkhope yake yapita. Anthu awiri ajambuleni pa f/2.8 kapena f/4. Gulu la mizere iwiri, f/5.6 mpaka f/8. Sankhani kadontho kamodzi ka fokasi, mukaike padiso lomwe lili pafupi nanu, osalekera kamera kusankha yokha, chifukwa idzagwira maluwa a m'manja n'kusiya nkhope.

Dzuwa la masana nalo lili ndi msampha wake. Pa f/1.8 ndi ISO 100 (ISO ndi mlingo wa mmene sensa imamvera kuwala), dzuwa likuswa mtengo, pamafunika shata ya pafupifupi 1/8000, pomwe makamera ang'onoang'onowa amalekera pa 1/4000. Diresi yoyera imapserera, zokongoletsa zake zonse osaonekanso. Tsekani bowo lifike f/2.8 kapena f/4, apo ayi apititseni anthu pamthunzi wa mtengo. M'nyumba shata isatsike kupitirira 1/125 pojambula anthu, chifukwa malenzi ndatchulawa alibe choletsa kugwedera. Bola kukweza ISO.

Zoom yanu tsopano ndi miyendo. Yandikirani, bwererani m'mbuyo, gwadani. Koma pojambula nkhope musafike pafupi kwambiri, mphuno imakula. Siyani mpata wa mita imodzi ndi theka.

Ngati mukugula yogwiritsidwapo kale ntchito, pitani ndi kamera yanu. Unikani m'kati mwa lenzi ndi tochi ya foni: kafumbi pang'ono si kanthu, koma mukaona timizere tonga ukonde wa kangaude, chimenecho ndi chuku, isiyeni ngakhale akutsitsireni mtengo. Jambulani nyuzipepala ili pakhoma pa f/1.8, muone ngati mbali zonse zikuwerengeka mofanana. Ndipo dzinja likafika musamaisunge m'chikwama chonyowa ndi mvula. Iikeni m'bokosi lapulasitiki lotseka bwino, pamodzi ndi timapaketi ta silika tija timabwera m'makatoni a nsapato zatsopano, ndipo muzisintha timapaketito tikakhuta chinyezi.