Kusaka muli pa nsanja ya mumtengo ku America: momwe mungapewere kugwa

Okutobala akangofika, alenje a ku Indiana, Michigan ndi Pennsylvania amayamba kulawirira kuthengo kukasaka white-tailed deer, nyama yooneka ngati mbawala. Kasakidwe kake si kothamangitsa nyama ndi agalu. Mlenje amakwera mumtengo kusanache, n'kukhala pa kansanja kachitsulo kotchedwa tree stand, mamita 4 mpaka 6 kuchokera pansi, n'kumadikira kuti nyama idutse. Pamwambapo amaona patali, ndipo nyamayo simuona msanga. Ngati mukukhala dera ngati South Bend, kumene kuli Amalawi ambiri, tsiku lina mnzanu wa kuntchito kapena mlamu wanu adzakuuzani kuti tiyeni kuthengo Loweruka.

Mlendo pa ulenje amaopa mfuti, koma m'zigawo zambiri za dzikolo alenje ovulala kwambiri ndi ogwa mumtengo. Munthu wogwa kuchokera pa mamita 6 amafika pansi m'sekondi imodzi ndi pang'ono, pa liwiro la makilomita pafupifupi 40 pa ola. Palibe nthawi yogwira nthambi. Chimathyoka ndi msana, chiuno, akakolo, nthawi zina khosi. Ndipo ambiri sagwa atakhala kale pansanja ayi: amagwa pokwera, potsika, kapena podutsa kuchoka pa makwerero kupita pansanjapo. N'chifukwa chake zonse zili m'munsimu zikuzungulira pa lamulo limodzi: dzikoleni ku mtengo phazi lisananyamuke pansi, ndipo mudzamasule pokhapokha mapazi onse awiri atabwereranso pa dothi.

1. Yambirani kunyumba, masana

Tulutsani zipangizo zonse muziyale pabwalo. Yang'anani malamba omangira nsanja ku mtengo, mawaya, mabawuti ndi malo owotcherera. Lamba amene wakhala kuthengo chaka chathunthu musamukhulupirire ngakhale akuoneka bwino: dzuwa limamufooketsa, agologolo amamutafuna, ndipo mtengo ukamakula umamukoka mpaka kutsala pang'ono kuduka. Waya wokutidwa ndi pulasitiki amachita dzimbiri m'kati, kunja akunyezimira. Chilichonse chokayikitsa, gulani china.

Nsanja iliyonse ili ndi kulemera kumene ingathe kunyamula, ndipo zambiri zimalembedwa mapaundi 300, omwe ndi makilogalamu pafupifupi 136. Kumeneko ndi kulemera kwa inuyo pamodzi ndi majekete, nsapato, chikwama ndi mfuti. Za nsanja zamatabwa zimene wina anakhoma ndi misomali zaka zapitazo m'nkhalango ya mwini munda, zisiyeni. Misomali imasololoka mtengo ukamagwedezeka ndi mphepo, thabwa limawola pamene diso silifika.

2. Malamba a thupi lonse, osati a m'chiuno

Chimene mukufuna ndi full-body harness, malamba odutsa m'mapewa, pachifuwa ndi m'ntchafu, okhala ndi chingwe chachifupi kumsana pakati pa mapewa. Makampani ena amaika malambawa m'bokosi limodzi ndi nsanja, choncho palibe chowiringula. Lamba mmodzi wa m'chiuno amene alenje akale ankavala ndi woopsa: mukagwa amakwera mpaka pachifuwa n'kukubanikitsani, kapena amakusiyani muli chadodolido. Mlamu wanu akakupatsani wotere, kanani mwaulemu.

Malamba a m'ntchafu amangeni ndithu. Akakhala olendewera, tsiku lakugwa abambo mudzalidziwa. Werengani kachikwangwani kosokedwa pamalambawo, chifukwa opanga ambiri amati asapitirire zaka 5, ndipo amene anagwirapo munthu kamodzi atha ntchito.

Kenako yesererani. Mangani nsanja pa mtengo wa pakhomo, mita imodzi yokha kuchokera pansi, wina ali pambali. Valani malamba, dzikoleni, ndipo dzilendeweretseni mwadala kuti mumve mmene zimakhalira ndi kuona ngati mungathe kubwerera pansanja. Safunsa anadya phula: funsani amene anazolowera akuonetseni, m'malo mokaphunzira 5 koloko m'mawa mumdima, zala zitauma ndi chisanu.

3. Sankhani mtengo

Wamoyo, wowongoka, wathunthu lolimba. Yang'anani kumwamba ngati kuli nthambi zouma. M'chigawo chimenechi samalani kwambiri ndi mitengo ya ash: kachilombo ka emerald ash borer, kamene kanapezeka koyamba pafupi ndi Detroit mu 2002, kapha mitengo imeneyi yosawerengeka, ndipo ash wouma amathyoka mosachenjeza. M'Novembala masamba amakhala atayoyoka, mtengo wakufa ndi wamoyo sizisiyana msanga, choncho sankhani mtengo wanu masamba adakalipo.

4. Kukwera: apa ndiye pagona nkhani

Nsanja zofala zilipo zamitundu itatu, ndipo uliwonse uli ndi malo ake ogwetsera munthu.

Yoyamba ndi ladder stand, makwerero aatali okhala ndi mpando pamwamba. Imaoneka yosaopsa, koma tsiku loiimika ndi loichotsa ndi limene imagwa ndi munthu, chifukwa kumwamba kumakhala kusanamangidwe. Iimikeni muli atatu. Mangani kaye zingwe zopingasa ndi chitsulo chochirikiza chapakati muli pansi, awiri agwire makwerero, wachitatu ndiye akwere kukamanga pamwamba. Pansi pakakhala pamatope, miyendo ya makwerero imamira mbali imodzi.

Yachiwiri ndi hang-on, kansanja kamene mumakamangirira nokha pamwamba, mukukwera pa timakwerero tating'ono tomangidwa pa thunthu. Pomanga zonsezi gwiritsani ntchito lineman's belt, chingwe chozungulira mtengo chokoledwa m'mbali zonse ziwiri za chiuno, ngati cha anthu okonza mawaya a magetsi pamapolo. Chimakupatsani mpata wogwira ntchito ndi manja onse. Timakwerero tipitirire pamwamba pa nsanjayo kuti polowa muziponda chotsikira, pakati peni peni, osati kudzikoka chokwera n'kuponda m'mphepete.

Yachitatu ndi climber, ya zigawo ziwiri, chokhalira ndi chopondera, imene mumakwera nayo pang'onopang'ono. Imafuna mtengo wopanda nthambi m'munsi, wa khungwa logwira. Mitengo ya khungwa loterera kapena losendeka ngati sycamore ndi shagbark hickory ipeweni. Lumikizani zigawo ziwirizo ndi kachingwe, apo ayi chopondera chikapulumuka chimatsetsereka mpaka pansi, inu n'kutsala m'mwamba miyendo ili lendee. Chingwe chanu cha kumsana chizungulire mtengo kuyambira pansi, muzichikankhira m'mwamba mukakwera pang'ono.

Pa nsanja ziwiri zoyambazo, chida chimene ineyo ndimachiona kuti n'chofunika kuposa zonse ndi lifeline. Ndi chingwe cholimba chomangidwa pamwamba pa nsanja, chotsika mpaka patsinde. Pa chingwecho pamakhala kachingwe kena kokulungidwa mwa mfundo ya Prusik, imene inatenga dzina la Karl Prusik, wokwera mapiri wa ku Austria. Mukaigwira ndi dzanja, mfundoyo imatsetsereka bwinobwino. Ikakokedwa mwadzidzidzi imaluma chingwe n'kuima nji. Mumakola chingwe chanu cha kumsana pamfundoyo muli pansi, n'kumaikankha patsogolo panu pokwera. Izikhala pamwamba pa mutu nthawi zonse. Mtengo wa chingwechi sufika n'komwe pa wa nsapato zosakira, pamene bilu ya chipatala cha ku America aliyense wokhala kumeneko akuidziwa.

Pokwera, mwa manja ndi mapazi anu, zitatu zizikhala zitagwira pamene chimodzi chikusuntha. Pukutani matope ku nsapato. Chitsulo chimene chagonera chisanu chimaterera.

5. Manja akhale opanda kanthu

Mfuti, uta ndi chikwama zimatsala pansi, zitamangidwa ku chingwe chokokera. Mfuti ikhale yopanda chipolopolo, yotsegula, kukamwa kwake kutaloza pansi, ndipo chingwe chisadutse pa chowombera. Mukakhazikika ndi kudzikola, kokani. Potsika, tsitsani katundu kaye, mbali ina ya mtengo kusiyana ndi imene mukutsikira.

6. Mukakhala pamwamba

Mangani lamba wa pamtengo, amene mumakolapo chingwe cha kumsana, pamwamba pa mutu wanu, moti mukakhala pampando chingwe cha kumsana chikhale chokokeka pang'ono, chopanda kulendewera. Mukatero, ngakhale mutaterereka simupita kutali ndipo mutha kukwereranso. Chingwe chomangidwa m'munsi chimakusiyani mukulendewera kunsi kwa nsanja, kumene kubwerera n'kovuta.

Mdani wina ndi tulo. Mwadzuka 4 koloko, mwina mwachokera ku shifiti ya usiku, mwavala zofunda, ndipo kuli zii kwa maola atatu. Mukayamba kusinza, tsikani. Mowa ndi mankhwala ogonetsa, kuphatikizapo ena a chimfine, siziyenderana ndi mtengo. Miyendo ikachita dzanzi, igwedezeni kaye musanaimirire.

7. Mukagwa n'kutsala mukulendewera

Malamba akupulumutsani, koma nthawi yayamba kukutherani. Munthu akalendewera chiimire osasuntha, magazi amadzadza m'miyendo, ofika ku mtima ndi ku ubongo amachepa, ndipo akhoza kukomoka m'mphindi zochepa. Yesani msanga kubwerera pansanja kapena pa makwerero. Zikakanika, tulutsani suspension relief strap, lamba amene mumakola pamalamba anu n'kupondapo kuti ntchafu zipume. Lamba ameneyu azikhala m'thumba limene dzanja lingafike, osati m'chikwama chimene chakolekedwa pa nthambi. Ngati mulibe, pondani thunthu la mtengo, pindani ndi kutambasula miyendo osalekeza. Musadule chingwe muli m'mwamba.

Foni ndi wenzulo zikhale m'thumba la pachifuwa lotseka ndi zipi. Imbani 911, nambala yoitanira thandizo pa ngozi. Mukatsika pitani kuchipatala ngakhale mukumva bwino. Mnzanu akagwa mpaka pansi, musamunyamule kapena kumukhazika tsonga, chifukwa msana ukhoza kukhala utathyoka. Mufunditseni, mudikire a ambulansi.

8. Wina adziwe kumene muli

Netiweki kuthengo imavuta. Musananyamuke, tumizirani munthu wa kunyumba malo enieni a mtengowo pa mapu a pafoni, kumene mwaimika galimoto, ndi nthawi imene mubwere. Mugwirizane kuti ikadutsa nthawiyo osamva kanthu, aimbe foni kwa opulumutsa anthu, asadikire kuti kuche.

Ku Indiana, aliyense wobadwa pambuyo pa 31 Disembala 1986 amayenera kuchita maphunziro a hunter education asanagule laisensi yokhazikika ya ulenje, ndipo za nsanja za mumtengo zimaphunzitsidwa m'menemo. Ngakhale munabadwa chakacho chisanafike, kalembetseni kudzera ku Indiana Department of Natural Resources, nthambi ya boma yoona za chilengedwe, nyengo yosaka isanayambe.