Dyetsani timavu tanu tikuthandizeni kumenya mbozi

Alimi anzanga, tikamati mavu musaganize aja oluma apadenga ayi. Kuli timavu ting'onoting'ono, tina tochepa kuposa kambewu ka mpiru, timene timaikira mazira m'kati mwa mazira a ntchemberezandonda kapena m'thupi la mbozi yeniyeniyo, ndiye mwana wake akaswa amaidya m'kati mpaka kufa. Mwa mitundu ya timavuti, Telenomus remus ndi Trichogramma amaikira m'mazira, Cotesia amagwira mbozi. Timavuti tilipo kale m'minda mwathumu, koma ife timatipha ndi njala.

Odya mbozi ndi ana okha. Mayi wake amakhalira timadzi totsekemera ta m'maluwa, akasowa amafa m'masiku awiri basi mazira ambiri asanaikire, pomwe akapeza shuga amakhala masiku ochuluka ndipo amauluka kutali kusaka mbozi.

Ndiye mukamadzala chimanga ikanimo khobwe. Khobwe ndimamukonda chifukwa amatulutsa timadzi totsekemera patsinde la masamba ngakhale asanachite maluwa, mukaona nyerere zaunjikana pamenepo dziwani kuti ndi shugayo. M'mbali mwa munda siyani mzere wa chitowe kapena mpendadzuwa, ndipo chisoso cham'malire musachipalire chonse. Kudimba mpiru wina musiyeni achite maluwa, kaloti mizu ingapo nayenso. Milomo ya timavuti ndi yaifupi kwambiri, duwa lakuya ngati fanulo sitifikira, timafuna maluwa ang'onoang'ono oyasama. Musadzale tsiku limodzi zonse, siyanitsani ndi masabata awiri atatu kuti maluwa asathere pamodzi.

Timanyambitanso zomata zija zimene nsabwe za m'mbewu zimasiya pamasamba, koma n'chakudya chongogwirizira, sichifika pa cha maluwa.

Chimene chimandiwawa ndi mankhwala. Munthu wadzala maluwa bwinobwino kenako n'kupopera cypermethrin munda wonse dzuwa lili paliwombo, timavu tonse phuu, mbozi ili phee mu nsongwe yachimanga. Ngati zavuta thirani mu nsongwe mwa chimanga chogwidwacho chokha, madzulo, maluwa osawakhudza.

Pitani m'munda m'mamawa mutembenuze masamba. Mukapeza tizikwa toyera ngati timbewu ta mpunga pafupi ndi mbozi yofooka, kapena nsabwe zotupa zouma zabulauni zina zili ndi kabowo kamsana, chonde musafinye, m'menemo ndi mmene mukutuluka timavu tina.