Nsomba zanu zikuthera mkamwa mwa mbalame, osati kwa akuba

Mwezi uno wa Okotobala ndayendera madamu ambiri kuyambira ku Thuchila mpaka chakuno ku Chitakale, ndipo zomwe ndikuona zikundiwawa zedi. Madzi aphwa, damu lomwe limayenera kufika mchiuno pano likulekeza m'maondo pena m'katumba, madziwo ali mbee mpaka nsomba ukuziwerenga uli pamtunda, mwini wake nkumanyadira kuti alangizi taonani ukhondo. Ukhondo wanji abale? Zomwe mukuona inuzo chimeza, mbalame ya miyendo ndi khosi lalitali ija, chikuzionanso, ndipo icho chimafika kusanache inu mukadali pamphasa.

Chimeza sichisambira ngati bakha ayi, chimayenda ndi miyendo mmadzi osaya nkuima duu kudikira. Damu likakhala lakuya chimangothera mmbali, koma likakwiririka ndi matope mwachitsegulira damu lonse kuti chiziyenda ngati pabwalo. Madamu ambiri kuno ku Mulanje analowa mchenga ndi matope nthawi ya namondwe wa Freddy mu 2023, ena mpaka lero sanawakumbenso, amangothiramo mbewu, tiana ta nsomba tija, chaka ndi chaka pamwamba pa matope omwewo.

Tiyeni tiwerengere limodzi chifukwa ambiri mumati kambalame kangadye zingati. Chimeza chachikulu chija chotuwa chimadya magalamu 300 mpaka 500 pa tsiku. Titenge 300 yomweyo. Ngati mbewu yanu ya makumba kapena chilunguni ndi ya magalamu 10 iliyonse, ndiye kuti nsomba 30 tsiku limodzi. Tinene kuti theka lokha chikudyera kwa inu, theka lina achule ndi zina za kudambo, zatsala 15, pa mwezi 450. Damu la mamita 10 kwa 20 lomwe munaikamo nsomba zitatu pa sikweya mita muli 600 basi. Mbalame imodzi imeneyo, mwezi umodzi! Apa sindinawerengere zomwe zajompholedwa nkupulumuka ndi bala, zija mumazipeza zikuyandama mawa lake, sindinawerengerenso madeya omwe mukuthira tsiku ndi tsiku kudyetsa nsomba zomwe mulibe kale mmadzimo, ndalama ya mbewu ndi thiransipoti yokatengera yonse yapita.

Bambo ena a ku Thuchila konko anandiitanitsa pa foni atakwiya, akuti alangizi bwerani mudzaone, ndakolola ndowa imodzi yokha ndipo ndikudziwa amene akundibera, ndi mwana wa achimwene anga. Nkhani inali itafika kale kwa amfumu, pachibale osalankhulana. Ndinawapempha kuti bambo tiyeni tikhale kaye pansi pa nthochi apa mawa mbandakucha. Sitinakhalitse, zinatera zimeza ziwiri, kenako nantchengwa, ndipo mmbali monse mwa damu munali mapazi a mbalame pamatope ndi zitosi zoyera zomwe iwo amadutsapo tsiku lililonse osaziganizira. Anangogwira pakamwa. Za nantchengwa anati ameneyo sindimuthamangitsa ndi wa malodza. Chabwino, iyeyo kwambiri amadya achule ndi ambululu ngakhale tinsomba ting'onoting'ono satisiya, koma zimeza zija ndiye zinawamaliza, mwana uja akusenza dzina la wakuba pachabe.

Chomwe chimanditopetsa nchakuti tikathira mbewu sitilemba paliponse, tikakolola sitiwerenga, ndiye zikasowa tithamangira kunena za akuba kapena chitaka. Akuba aliko, katumbu ndi ng'azi ziliko, sindikukana, koma yambani mwaona kaye. Khalani padamu masiku atatu mmawa kwambiri ndi madzulo, lembani mu kope mbalame zanji zabwera, zingati, zakhala nthawi yayitali bwanji, zameza kangati, mukatero chulukitsani ndi masiku a pamwezi mudzionere nokha. Ndipo zidole zovekedwa malaya akutha zija musadalire, sabata imodzi mbalame zazolowera mpaka kumatera pamutu pake.

Zochita mukuzidziwa kale. Chotsani matope damu libwerere mita imodzi kapena kupitirira kumbali yakuya, mmbali musasiye potambalala posaya. Thirani manyowa a nkhuku kapena a mbuzi madzi abiriwire, mukamiza mkono mpaka pachigongono chikhatho chisaoneke. Kokani zingwe pamwamba pa damu motalikirana pang'ono komanso china chozungulira mmbali, dulani nthambi zomwe zalendewera pamadzi, ndipo ngati mungathe gulani mbewu yokulirapo. Masikito a udzudzu asiyeni ana agonemo. Poizoni ndiye musayerekeze nkomwe, athera mmadzi omwewo muli nsomba zanu, ndipo nkhwazi yomwe ili pachizindikiro cha dziko lathu ikatola nyambo yotereyo imafera pomwepo.