Momwe mungathandizire munthu wotuluka m'ndende kulowa koleji kuno ku Mzuzu

Munthu akatuluka pachipata cha ndende ya Mzuzu, kajumbo ka zovala kali m'manja, abale amayamba aganiza za nsima ndi pogona. Za sukulu zimabwera mochedwa, mwinanso sizibwera n'komwe. Chikhalirecho ena mwa anthuwa analemba mayeso a MANEB ali mkati momwemo n'kukhoza bwino. Kaya ndinu mphunzitsi, wakumpingo, wakubungwe kapena m'bale chabe, nazi zimene ndaona zikuthandiza.

Yambani asanatuluke. Kapempheni chilolezo kwa akuluakulu a ndende, mukhale naye pansi, mulembe m'kope tsiku lotuluka, kalasi imene analekezera, chaka chimene analemba mayeso ndi nambala yake ya mayeso. Mukadikira kuti atuluke kaye, mudzamupeza atalowa kale pakabaza ndipo za sukulu akuziona ngati maloto.

Chachiwiri ndi mapepala. Pakufunika chiphaso cha unzika cha ku NRB ndi satifiketi ya MSCE, kapena chikalata chosonyeza zotsatira ngati satifiketi sinafike. Ziikeni pamodzi patebulo, muwerenge maina chilembo ndi chilembo. Mnyamata wina amene ndinkamuthandiza analembetsa mayeso ndi dzina la amalume ake amene anamulera, pomwe pachiphaso panali la bambo ake. Tinazindikira fomu ili kale m'manja, ndipo pomwe timamaliza kukonza, tsiku lotsekera linali litadutsa. Chaka chathunthu chinapita chifukwa cha dzina.

Kenaka onani magiredi mosanamizana. Pa MSCE, 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi kungokhoza. Mayunivesite aboma amafuna ma credit 6 kuphatikizapo Chingerezi, ndipo kusankha ophunzira ochokera ku sekondale kumadzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite. Werengani chilengezo cha NCHE cha chaka chimenecho mpaka kumapeto, chifukwa chimanena zaka za mayeso zimene akulandira. Ngati ma credit aperewera, mulembetseni sukulu yamasana kuti abwereze mayeso.

Apa ndiyankhulepo maganizo anga. Ambiri timathamangira Mzuni, yunivesite ya Mzuzu, pakuti ndi imene timaiona tikamadutsa ku Luwinga. Koma bambo wa ana atatu amene wakhala zaka zisanu osabweretsa ndiwo pakhomo sangakhale m'kalasi zaka zinayi. Kwa iyeyu ganizirani maphunziro a ODeL a pa Mzuni pomwepo, amene munthu amawerenga ali kwawo n'kumapita kusukulu nthawi yochepa. Apo ayi, za luso lamanja pansi pa TEVETA, monga pa Mzuzu Technical College. Amene anagwirako ukalipentala kapena zomangamanga ali m'ndende amakhala atayamba kale ulendowu, chimene akusowa ndi pepala. Mufunseni mwini wake, "Achimwene, inuyo mukufuna chiyani?" ndipo mudikire yankho, ngakhale litenge sabata.

Musanasankhe kozi, kafunseni ngati ntchito yake imafuna kalata ya kupolisi yonena za mbiri ya munthu. Safunsa anadya phula. Ndi bwino kudziwa lero kusiyana n'kudziwa digiri ili m'manja. Fomu ikafunsa ngati anamangidwapo, ayankhe zoona. Ikapanda kufunsa, palibe chomukakamiza kudzinenera.

Za ndalama ndidutsapo mwachangu. Akasankhidwa ku yunivesite, afunsire ngongole ku Higher Education Students' Loans and Grants Board, bungwe lomwe linayamba ntchito mu 2015. Koma musamangire nyumba pa ngongoleyo. Lembani lendi, chakudya, thiransipoti, bando ya intaneti ndi fotokope, muone mpata umene watsala ndi amene angautseke. Fizi yochokera kwa akufuna kwabwino ikalowe kubanki ya sukulu, silipi musunge inu. Sikuti mukumukayikira, koma pakhomo pamene palibe ufa, ndalama ya fizi siichedwa kusanduka thumba la chimanga.

Tsopano chachikulu, chimene ambiri timachilephera: kuyenda naye akalowa. Sankhani tsiku limodzi pasabata ndi malo amodzi, kaya ndi pabenchi ya kutchalitchi kaya pamalo omwera tiyi ku Katoto, ndipo musamasinthesinthe. Kumbukirani kumene wachokera. Kwa zaka, wina ndi amene ankamuuza nthawi yodzuka, yodya ndi yotsekeredwa. Ku koleji palibe amene adzamudzutse, palibenso adzamukumbutse kuti asayimenti ikufunika Lachisanu. Mulembe naye ndondomeko ya sabata papepala, aimate pakhoma.

Foni nayo musaiiwale. Mauthenga a kalasi masiku ano amayenda pa WhatsApp, ndipo zotsatira amaonera pa intaneti. Mnyamata uja anajomba mayeso apakati pa teremu chifukwa anachita manyazi kunena kuti sadziwa kutsegula fayilo imene mphunzitsi anatumiza. Tinakhala ola limodzi pakhonde, iye akudina ine ndikungoloza, zinatheka.

Mbiri yake ndi yake. Musamuimiritse kutsogolo kwa mpingo kuti achitire umboni pofuna chopereka, musamujambule n'kuika pa Facebook, musauze aphunzitsi iye asanavomere. Mzuzu ndi tauni yaing'ono, nkhani ikayambira ku Chibavi m'mawa, madzulo yafika ku Zolozolo.

Mukaona kuti sakugona, wayamba kukalipa pa zazing'ono kapena wabwerera ku mowa ndi chamba, musasanduke dokotala. Mperekezeni kuchipatala cha St John of God, kumene kuli aphungu a za maganizo. Mupezereninso mnzake wa chaka chachiwiri kapena chachitatu pasukulupo, woti azimuonetsa laibulale ndi mapepala a mayeso akale, poti inu simungapezeke tsiku lililonse.

Tsiku lina sadzabwera pamalo anu okumanirana, foni n'kukhala yozimitsa. Musadikire sabata yamawa. Kwerani kabaza mukamupeze kumene amagona, ndipo mukafika yambani mwamufunsa ngati wadya.