Momwe mungasankhire graphics card yoti power supply ya kompyuta yaing'ono iikwanitse

Makompyuta ambiri omwe tikugula muno mu Lilongwe ndi aja anagwira kale ntchito m'maofesi akunja: Dell OptiPlex, HP EliteDesk, Lenovo ThinkCentre, a bokosi lopyapyala lomwe amalitcha SFF. Ndi olimba, ndipo pa Word ndi Excel savuta. Nkhani imasintha mwana akafuna kusewera mpira pa kompyuta, kapena inuyo mukayamba kukonza mavidiyo a maukwati n'kuganiza zoikamo graphics card, khadi lothandiza kompyuta pa zithunzi, mavidiyo ndi magemu. Ambiri amathamangira kufunsa kuti khadilo lili ndi ma GB angati. Ine ndimati yambani mwafunsa ngati power supply yanu, kabokosi kogawa magetsi mkati mwa kompyuta, ingathe kulidyetsa.

Choyamba zimitsani, zulani pulagi kukhoma, tsegulani bokosi ndipo muwerenge sitika ya pa power supply. Musadalire zomwe anakuuzani pogula. OptiPlex 7010 yaing'ono imabwera ndi 240W (W ndi ma watt, muyeso wa mphamvu ya magetsi), 7020 ndi 9020 zimabwera ndi 255W, pomwe ma 7040 ena ali ndi 180W yokha ngakhale kuti ndi atsopanoko. Jambulani sitikayo pa foni, mudzaifuna mukakafika kwa wogulitsa. Mukadali pomwepo onani mawaya omwe akutuluka mu power supply. Mukapanda kupeza waya wa mapini 6 kapena 8 wolendewera wopanda ntchito, ndiye kuti khadi lanu lizidyera basi pa slot, malo omwe limalowa pa motherboard (bolodi lalikulu la kompyuta), ndipo m'makina ang'onoang'ono ambiri ndi mmene zilili.

Manambala oti muwasunge pamtima ndi atatu. Slot yaitali ija ya PCIe x16 imapereka mpaka 75W. Waya wa mapini 6 umawonjezera 75W ina, wa mapini 8 umawonjezera 150W. Khadi lililonse lokhala ndi kabowo ka mapini m'mphepete likukuuzani kuti za pa slot sizikulikwanira.

Kenako phatikizani. Yanga ndi 9020 yokhala ndi i5-4570, purosesa ya 84W. Kuikapo khadi la 75W, ndi pafupifupi 40W ya motherboard, RAM, disiki ndi mafani, tikufika cha m'ma 200W pa 255W. Mpata wotsalawo ndi wofunika, chifukwa power supply yomwe yagwira ntchito zaka khumi simuiyembekezera kukoka ngati yatsopano. Wa 180W yemwe ali ndi i5-6500 ya 65W akaikamo khadi la 75W amafika cha m'ma 180W mukaonjezera 40W ija, ndiye palibe popumira. Ameneyo ayang'ane GT 1030 ya 30W kapena RX 6400 ya 53W. Wa 240W kapena 255W angathe GTX 1050 Ti kapena GTX 1650, onse a 75W, kapena RTX 3050 ya 6GB yomwe inatuluka mu 2024 ndipo imadya 70W. Samalani, RTX 3050 ya 8GB ndi ina, imafuna waya wake.

Kukula kwa khadi nakonso n'kofunika. Bokosi la SFF limalowa khadi lalifupi lomwe amati low profile, ndipo kachitsulo kake kakumbuyo kakhale kakafupi. M'makina ena slot yaitali ili moyandikana kwambiri ndi power supply, moti khadi lonenepa la mipata iwiri limakana kulowa. Yezani ndi rula musanachoke pakhomo.

Tsopano pomwe ine ndinapsa, ndipo nditenga nthawi pang'ono chifukwa ndikuonabe anthu akugwera m'dzenje lomweli. Ndinawerenga kuti GTX 1650 sifuna waya wapadera, ndinakondwa, ndinapita ku Old Town kwa mkulu wina yemwe ndinamupeza pa gulu la WhatsApp. Chomwe sindinkadziwa n'chakuti dzina limodzi lomweli lili ndi mitundu yambiri, ndipo ina ili ndi kabowo ka mapini 6. Lomwe anali nalo linali la mtundu umenewo, lalikulunso la mafani awiri. Nditadandaula, iye anati, "Bwana, musadandaule, chivundikirocho muzingochisiya pambali, ndipo ndikupatsani adaputa yaulere." Inali adaputa ija yotenga moto pa waya wa SATA, wodyetsa disiki, n'kuusandutsa mapini 6.

Sabata yoyamba zonse zinali bwino. Yachiwiri kompyuta inayamba kuzima yokha gemu ikafika potentha, ine n'kumaganiza kuti ndi magetsi athu omwe amatsika madzulo anthu akayatsa ma hotplate. Ndinagula ngakhale chotetezera magetsi chatsopano, osathandiza. Usiku wina ndinamva fungo la pulasitiki yopsa. Nditazimitsa n'kuyang'ana, pulagi ya SATA inali itasungunuka n'kuda, itamatirira ku adaputa ija.

Chifukwa chake ndi ichi. Pulagi ya SATA anaipangira kunyamula pafupifupi 54W pa 12V, pomwe khadi limayembekezera kuti pa mapini 6 lingakoke mpaka 75W. Choipitsitsa, m'makina ngati anga waya wa SATA suchokera mu power supply mwachindunji, umachokera pa motherboard. Ndiye moto wonse womwe khadi limakoka umadutsa m'tinjira topyapyala tomwe anatikonzera disiki imodzi ndi DVD. Ndinali ndi mwayi kuti chinapsa ndi waya wokha, koma m'chipinda chomwecho mumagona mwana wanga, ndipo ndikakumbukira mpaka pano mtima umagunda. Wogulitsa uja anakana kubweza ndalama, anati ndapsereza ndekha. Adaputa imeneyi musailandire ngakhale yaulere. Musanalipire, litembenuzeni khadilo m'manja, muyang'ane m'mphepete monse ngati muli kabowo ka mapini.

Ena amati bwanji osangosintha power supply n'kuika yaikulu. Yawamba ya makompyuta akuluakulu silowa m'bokosi la SFF, komanso 7020 ndi 9020 zili ndi pulagi yawoyawo ya mapini 8 pa motherboard m'malo mwa ija ya mapini 24, ndipo ma HP ambiri ali ndi yawonso. Ma adaputa ake alipo, koma mukaphatikiza mtengo wa zonsezi, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kuli bwino kugulitsa kabokosiko n'kugula tower, kompyuta ya bokosi lalikulu.

Za ogulitsa ndiwonjezepo ziwiri. Pali ma GTX 1050 Ti abodza, makhadi akale omwe anawasintha dzina mkati. Mukaona 1050 Ti yokhala ndi malo a VGA a buluu aja, mtengo wake wotsika modabwitsa, ikayikireni. GT 1030 nayo ili pawiri, ya GDDR5 ndi ya DDR4, ndipo ya DDR4 ndi yochedwa kwambiri ngakhale mtengo amatchula umodzimodzi. Nyamulani pa flash GPU-Z, pulogalamu yoonetsa zomwe zili m'khadi, muumirire kuti aliyatse pamaso panu. Wokana kuyesa, musiyeni.

Kuika kwenikweni sikuvuta. Pemererani fumbi kaye, makamaka miyezi ya mphepo ndi fumbi, sinthani kachitsulo kakumbuyo kakhale kakafupi, kanikizani khadi mpaka kaloko kalire, tsekani. Waya wa sikirini muulumikize pa khadi, osati malo akale a motherboard. Sikirini ikakhala ya VGA mufunika adaputa yochokera ku HDMI. Ma driver, mapulogalamu oyendetsa khadilo, tengani kwa NVIDIA kapena AMD eni ake, ndi aakulu ndithu, dikirani bandulo ya usiku.

Pomaliza liyeseni. Yatsani gemu kapena FurMark, pulogalamu yoyesera khadi, kwa mphindi 30, muli pomwepo, mukuyang'ana kutentha pa GPU-Z. Kompyuta ikazima kapena kuyambiranso yokha, power supply yalephera, tsitsani power limit (malire a magetsi omwe khadi limakoka) pa pulogalamu ya MSI Afterburner kapena bwezani khadilo lero lomwe. Yanga pano ili ndi GTX 1650 ya low profile yopanda waya, chivundikiro chotseka, ndipo sinazimenso.