Momwe mungazolowetsere manja pa laparoscopy musanakhudze mayi

Anzanga azachipatala kuno ku Mzuzu amandifunsa momwe ndinaphunzirira laparoscopy, opaleshoni yoboola timabowo pamimba n'kulowetsamo kamera ndi zida. Ndinayambira pa makina a virtual reality (oyeserera opaleshoni pa kompyuta) otchedwa LapSim, opangidwa ku Sweden, nditapita ku maphunziro kunja. Kafukufuku wa ku Denmark wa 2009 anapeza kuti madokotala ophunzira pa makinawa ankachotsa chubu chodutsamo dzira la mayi m'mphindi 12, pomwe anzawo osaphunzira pa makinawa ankatenga 24.

Ikani sikirini moyang'anana ndi maso, zigongono zikhale m'munsi. Yambani ndi kamera yokha, muzipeza chiberekero ndi machubu. Kenako zida. Dzanja likapita kumanja, nsonga ya chida imapita kumanzere, chifukwa chidacho chimatsamira pabowo. Manja amazolowera okha.

Pomwe ine ndinagwa ndi pa diathermy, chida chowotcha mitsempha ya magazi. Ndinkayeserera kuchotsa mimba ya m'chubu. Magazi atayamba kutuluka ndinachita mantha, ndinaponda chopondera choyatsira diathermy nsonga ili kunja kwa chithunzi. Makina analemba kuti ndawotcha thumbo. Mtima unandiwawa usiku wonse. Pa munthu weniweni bala lotere limatha kubisala, mayi n'kupita kwawo ku Ekwendeni, n'kudzabwera patapita masiku mimba itatupa. Choncho phazi likhale pansi mpaka nsonga yonse ikuoneka pa sikirini, ndipo chubu muchikweze kutali ndi matumbo musanaponde. Magazi akatuluka, tsukani kaye, muone pomwe akuchokera. Bwerezani gawo limeneli mpaka phazi lisiye kuthamanga.

Makinawa ndi odula kwambiri, ndalama yake si ya m'thumba la munthu mmodzi. Nditabwerera ndinagula bokosi la pulasitiki ku Mataifa, n'kuliboola, foni n'kukhala kamera. Ndimatola nyemba ndi kudula nsalu ndi zida m'bokosimo. Magetsi akathima ntchito siima. Koma samalani ndi ogulitsa zida pa WhatsApp. Wina anandigulitsa chopanira chomwe mano ake sankakumana, ndipo foni yake sinapezekenso. Yesani chida pa ulusi musanalipire.

Kusoka kubwere pomaliza, mfundo zizimangidwa mkati mwa bokosi. Muzilemba nthawi yanu tsiku lililonse. Mukalowa ku fiyeta yambani ndi kugwirira kamera dokotala wamkulu, iyeyo ndiye adzakuuzani tsiku logwira chida.